Kanjinga Kosanyamula Thumba

Ine ulendo sindiuopa. Ndapalasa kabaza zaka zoposa makumi awiri pakati pa Mtakataka ndi Mua. Ndanyamulapo mayi woyembekezera mwana atagogoda kale, ndanyamulapo nkhumba yamoyo ikundilirira m'makutu, ndawolokapo madzi osefukira njinga ili paphewa. Koma ulendo wa ku Limbe womwe ndinayenda ndi mwana wanga Paskali, aaa, umenewo unandiumitsa malovu kuchokera pakhomo mpaka kofika.

Chinatiyendetsa ndi njinga. Paskali nthawi imeneyo anali ndi zaka makumi awiri, fomu folo atamaliza, ntchito palibe. Mtima wake unagwidwa ndi masewero ena omwe anawaona pa foni: anthu akuluakulu ndithu, ndevu pepeya, akuvina ndi tinjinga tating'ono totchedwa BMX. Salumpha kanthu, sathamangitsana, amangopeza malo osalala n'kumazungulira pa tayala limodzi ngati nguli. Mwana wanga ankabwereka kanjinga kwa aphunzitsi oyandikana nafe n'kumayeserera pa simenti yoyanikapo mpunga, tsiku lililonse kubwera zigongono zili magazi okhaokha. Ine ndinkamuseka. "Iwe, njinga amayendera, savinira." Chaka chimenecho anakagwira ganyu yomweta ndi kuomba mpunga ku Bwanje mpaka m'manja matuza. Atamva kwa anzake a pa foni kuti ku Limbe kwatsika mulu wa njinga za kaunjika, ndipo muli tinjinga timeneto, anati Lachiwiri ndinyamuka.

Lolemba masana mkazi wanga, amake Venansi, anandiitanira kuseri kwa nkhokwe nkhope itagwa. Anati pofuna kumuikira mwanayo mtedza wokazinga m'chikwama, anapezamo jekete, mathalauzi atatu, ndi pasipoti yatsopano itakulungidwa m'jumbo. Ulendo wa tsiku limodzi, mathalauzi atatu! Venansi, mwana wathu woyamba, anapita ku Joni kudzera ku Mwanza zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo. Anaimba foni Khirisimasi ziwiri, kenako zii. Maliro sitinalire, uthenga sitinalandire, ndipo mpaka lero sitidziwa ngati tizimupempherera pamodzi ndi amoyo kapena ndi akufa. Ana aamuna tinali nawo awiri okhawo.

"Ndimufunse?" ndinatero.

"Mukamufunsa ndiye kuti mwamutsegulira chitseko," anatero mkazi wanga. "Inu ingopitani naye. Akakhala, khalani. Akapita kukataya madzi, inu pambuyo. Mundibweretsere mwana wanga, bambo a Venansi."

Ndiye ndinamuuza Paskali kuti njinga sagula munthu mmodzi, anthu a m'tauni angakuwerenge, ine ndikuperekeza. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kungoti, "Chabwino, ababa."

Tinafika pa siteji ya Mtakataka kukungoyera kumene, mphepo ya mwera ikulowa m'mafupa. Anzanga a kabaza atandiona nditavala jekete ya kutchalitchi anayamba zawo zija. "Madala atchena! Kukafunsira ku Limbe?" Ndinaseka nawo, koma mano okha. Minibasi yoyamba yochokera ku Salima inabwera itadzaza kale, kondakitala atatulutsa theka la thupi pawindo. Anati fili sauzande munthu mmodzi mpaka Balaka. Tsiku lina ndikanalimbana naye mpaka atsitse, koma ndinangopereka. Ine anandipanikiza pampando wachitatu, pansi pa dengu la usipa. Paskali anamukhazika pakhomo penipeni, chikwama pamiyendo.

Amene anakhalapo pakhomo pa minibasi akudziwa kuti munthu aliyense akamatsika, wapakhomo amayamba watsika. Pa Mua anatsika mayi wina, Paskali pansi. Patsogolo pang'ono anatsika abambo a nkhuku, Paskali pansi. Nthawi iliyonse phazi lake likaponda dothi sindinkapuma mpaka chitseko chitatsekeka iye ali m'kati. Kumeneko n'kwathu komwe, kumene sakanathawira kulikonse, koma mantha samva nzeru.

Pa Golomoti tinaima pafupifupi ola. Dalaivala ankangoliza injini, kusuntha pang'ono, kubwerera, ati adzaze mipando iwiri ya anthu otsika aja. Apa m'pamene anakwera munthu amene ndimamulota mpaka lero. Anali wa msinkhu wa Venansi, jekete ya chikopa, mafoni awiri, mafuta onunkhira ogonjetsa usipa. Asanakhale n'komwe anali atanena kale "eish" katatu. Aliyense anadziwa kuti ndi mjoni. Ndipo mwa malo onse a m'galimoto, anakathithikana ndi mwana wanga.

Sitinafike pa Kasinje asanadziwane mayina. Ndinkamva zidutswa zokha chifukwa cha phokoso la injini ndi maenje a mumsewu. "Tinjinga timeneto? Eish, m'bale wanga, kumene kuja amataya kudzala." Kenako: "Basi yathu inyamuka lero folo koloko ku Blantyre. Dalaivala ndi wanga, malo sangasowe." Ndinaona Paskali akutulutsa foni, mjoni akumuwerengera nambala. Nthawi yomweyo dengu lija linayamba kundidonthezera madzi a usipa m'khosi, kutsika ndi msana wonse wa jekete ya kutchalitchi. Sindinasunthe, sindinadandaule. Ndinkaopa kuti ndikayankhula ndiphonya mawu.

Pambali panga panali agogo ena aakazi, opita ku Lunzu kukaona mdzukulu, atafukata kathumba ka mpunga. Anandigunda ndi chigongono.

"Ndi wanu uyo?"

"Ndi wanga."

"Mukumuyang'ana ngati mbuzi yoti mwagula kumene. Musiyeni achezeko. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi."

Ndinafuna kuwauza kuti ine ndinaperekapo kale mwana mmodzi ku dziwe lina ndipo sanavuuke, koma ndinangoti, "Zoona, amayi."

Sharpevale, Bilila, fumbi, mbuzi pamsewu. Titafika pa Balaka dalaivala anati iye sapitirira, ndipo kondakitala anatigulitsa kwa minibasi ina ya ku Blantyre yomwe munali anthu atatu okha. Anatilumbirira kuti inyamuka pompano. Pompano ya pa Balaka! Tinakhala pa benchi mpaka dzuwa kuyamba kutentha. Mjoni anapita kukasaka kotchaja mafoni ake, ndipo ine ndinaona kuti mpata wanga ndi umenewu. Ndinagula chinangwa chophika n'kumugawira mwanayo.

"Tandiuza bwinobwino, njinga yakoyo tikaizindikira bwanji?"

Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo maso ake anawala. "Choyamba felemu ikhale yaifupi, ababa. Kuchokera pachishalo kufika pahandulo pakhale pafupi, kuti mwendo uziwoloka mosavuta ndipo njinga izitembenuka msanga. Zina zimaoneka zofanana koma n'zazitali. Zimenezo n'zolumphira, munthu woyamba kumene ngati ine zimangomulemera."

"Yaifupi. Ndiye thumba uziliika pati?"

"Palibe thumba."

"Chabwino. China?"

"Pakhale pomanga mapegi anayi." Mapegi, anandifotokozera, ndi timapaipi tachitsulo tomangirira pakati pa matayala mbali zonse, popondapo akamazungulira. "Handulo izizungulira yonse osakodwa ndi waya wa buleki. Ndiye Mulungu akalola, habu yakumbuyo ikhale ija yoti njinga ikamabwerera chammbuyo mapedulo sazungulira."

"Njinga kubwerera chammbuyo! Ukuthawa ndani?"

Anaseka, kuseka kwenikweni, mpaka chinangwa kumutsamwa.

"Nanga mabuleki?"

"Akatswiri ena amachotsa onse. Ine ndisiya yakutsogolo yokha, ndikadali wophunzira."

Agogo aja, omwe anali nafe pa benchi pomwepo, anapukusa mutu. "Njinga yosanyamula katundu, yopanda buleki, yoyenda chammbuyo. Ambuye atichitire chifundo."

Tonse tinaseka, koma mawu a agogowo anandilowa. Ine ndakalambira pa njinga, ndimadziwa chomwe chimamanga munthu pamudzi. Njinga yanga inamanga nyumba, inalipira fizi, inandiletsa ine ndemwe kupita ku Joni anzanga akupita. Koma kanjinga kosadyetsa munthu kangamugwire miyezi ingati? Adzavina mwezi umodzi, iwiri, sopo adzasowa, ndipo pasipoti idzakhala ili pompo. Maganizo amenewa ndinakwera nawo minibasi itadzaza.

Tinadutsa Phalula bwinobwino. Kutatsala pang'ono kufika pa Zalewa, pansi pa mpando wa dalaivala panamveka phwaa, kenako fungo la mphira wopserera, galimoto n'kuyamba kufuka nthunzi. Dalaivala anaikankhira pambali ili yozima. Lamba wa fani waduka. Mwa malo onse a pa msewu umenewo, galimoto inasankha kufera pamphambano penipeni pomwe msewu wa ku Mwanza umapatukira. Ndinayang'ana kumwamba n'kunena chamumtima kuti Ambuye, kodi ndinakulakwirani chiyani?

Kondakitala anakwera njinga ya kabaza kukasaka lamba. Ife tinatsika n'kukhala pansi pa kamtengo kopanda mthunzi. Ogulitsa malonda anatizinga: manachesi, mbatata, mbewa zapampani. Ena mwa okwera anayamba kufuna ndalama zawo, dalaivala akuti zapita ndi kondakitala. Bambo wina wa tayi ankaloza wotchi n'kumakuwa kuti ali ndi intavyu. Ine zonsezo sizinkandikhudza. Maso anga anali pa chikwama chobiriwira chomwe chinali kumsana kwa Paskali.

Posakhalitsa inatulukira basi yaikulu yochokera ku Blantyre, yokoka kangolo kodzaza katundu, makatani otseka. Inachepetsa liwiro, n'kukhotera ku Mwanza. Mjoni anaiimbira mluzu n'kuikweza dzanja. Paskali anaimirira n'kuiperekeza ndi maso mpaka inazimiririka. Nkhope imeneyo ndinali nditaionapo kale, pa m'bale wake.

Agogo aja anandipempha kuti ndiwamasulire mfundo ya mpango womwe anamangamo ndalama, zala zawo zinkakanika. Ndinawerama mwina mphindi imodzi yokha. Podzuka, Paskali palibe.

Mayo ine! Ndinayang'ana m'minibasi, mulibe. Kwa amanachesi, kulibe. Kutsidya la msewu, kumbali ya ku Mwanza, lole ina inali itaima, anthu akukwera pamwamba pa matumba. Ndinawoloka msewu osayang'ana uku ndi uku, galimoto ina n'kundiphonya pang'onong'ono, dalaivala wake akunditukwanira mtundu wonse. Ndinagwira matayala a lole ija n'kukwera kusuzumira, nkhope ndi nkhope. Mulibe. Ndinatsika ndikukuwa dzina lake ngati munthu woyaluka. Mayi wina wa mbatata anandilozera kuseri kwa golosale. Ndinathamangira kumeneko, ndipo ndinamupeza mwana wanga atapenya kutchire, akutaya madzi mwamtendere.

Anatembenuza khosi. "Ababa, kodi mwatsegula m'mimba?"

"Ayi. Nanenso ndimati nditayeko."

Ndinaima pambali pake n'kuyesetsa, koma ngakhale dontho silinatuluke. Iye anandidikira, kenako tinabwerera limodzi.

Lamba anabwera wamkulu kuposa muyezo. Kondakitala anabwereranso kukasintha. Wachiwiri analowa, ndipo tinakankha galimoto tonse, bambo wa tayi yemwe. Titawoloka mlatho wa Shire ndinapuma mpweya wautali ngati ndatula thumba. Lirangwe, Lunzu, agogo anatsika akundiuza kuti ndisiye nkhawa ndingafe msanga. Mu Blantyre mjoni anatsika, anamugwira Paskali paphewa n'kunena kuti, "Folo koloko, m'bale wanga. Ungoimba." Ananena pamaso panga, poti iye sankadziwa kuti pali chobisa. Paskali anangoyang'ana pansi.

Ku Limbe tinafika cha m'ma wani koloko. Za tauniyo musandifunse, sindinaone kanthu. Ndinkangotsatira chikwama chobiriwira pakati pa anthu mpaka tinalowa mumpanda wina wamalata momwe njinga zinaunjikidwa ngati nkhuni. Mwini wake anali mayi wina wojintcha, wovala epuloni yamafuta okhaokha, wodziwa njinga kuposa amuna ambiri a kusiteji kwathu. Paskali atafotokoza, mayiyo anatitulutsira tinjinga titatu.

Koyamba kanali kofiira, kowala, kokhala ndi mabuleki onse. Ndinakanyamula ndi dzanja limodzi monga timachitira ife, n'kumva kulemera kokoma. "Iyi ndiye njinga," ndinatero. Paskali anati chimenecho n'chidole cha ana, chitsulo cha mapaipi a madzi, kungopaka penti. Kachiwiri kanali kabuluu. Paskali anatulutsa kachingwe komwe anayezeratu kunyumba, n'kuyeza kuchokera pachishalo kufika pahandulo. Kanakwana.

"Taima kaye," ndinatero.

Ine sindiyenda popanda sipanala m'thumba, ngakhale kutchalitchi. Ndinakweza kanjingako m'mwamba n'kumagogoda felemu pang'onopang'ono, khutu lili pafupi. Chitsulo chamoyo chimalira ngati belu. Pena paliponse kankalira bwino, koma pansi pa khosi, pomwe paipi yotsika imakumana ndi ya handulo, kanangoti phu. Ndinapala penti ndi chikhadabo, ndipo mng'alu unaonekera, woonda ngati tsitsi. Mayi uja anasuzumira n'kuwomba m'manja. "Madala, mwandiphunzitsa. Chikomekome cha mkuyu!"

Kachitatu kanali konyansa. Kakuda, penti yosupuka, matayala ong'ambika, mapegi palibe. Kachingwe kanakwana. Sipanala inalira bwino paliponse. Paskali anakakankhira chammbuyo, mapedulo osasuntha, ndipo anakuwa ngati wagoletsa chigoli. Tinagwirizana mtengo ndi mayiyo, Paskali analipira yekha ndi thukuta lake la ku Bwanje. Kenako ananditembenukira n'kunena mawu omwe anali asanandiuzepo chibadwire.

"Ababa, mumatha."

Mawu amenewo ndi amene anandipweteketsa. Ndinafufuma. Ndinadziona kuti pa nkhani ya njinga palibe angandiuze kanthu.

Mayiyo anati matayala ndi mapegi akapezeka kumunsi kwa msika. Paskali anati, "Mundidikire pano, musaisiye." Ananyamuka, chikwama kumsana. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo ndinamulola kupita yekha, chifukwa ndinali nditamva kulira kwa makina owotcherera zitsulo kuseri kwa mpanda.

Kwathu kusiteji njinga yatsopano silowa pamsewu isanaone moto. Ukangogula, usanaionetse ngakhale kwa mkazi wako, umapita nayo kwa wowotcherera akaike kaliyala yachitsulo chenicheni ndi kulimbitsa mofooka. Bambo wogulira mwana wake njinga n'kumupatsa yosawotcherera timamuseka kuti wapereka khasu lopanda mpini. Ndiye ndinati mumtima, mwanayu zovina zake zambiri amachitira pa tayala lakutsogolo, ndaona ndi maso anga. Kakaliyala kakang'ono kumbuyo kamulakwira chiyani? Azivina madzulo, m'mawa azinyamula kathumba ka mpunga kapena mwana wasukulu, sopo azipeza, za ku Joni aiwale. Ndinaona ngati Mzimu Woyera wandinong'oneza. Mayi uja anali kalikiliki ndi kasitomala wina, ine ndinanyamula kanjinga n'kuzungulira mpanda.

Wowotchererayo anali bambo wa diso limodzi lofiira. Anakayang'ana kanjingako n'kufunsa kuti, "Kaliyala pa aka, madala?" Ndinati gwirani ntchito, ine njinga ndinayamba inu muli kumsana. Anadula zitsulo ziwiri za mawindo, n'kuziimika pa timiyendo totsikira ku tayala lakumbuyo. Moto unathetheka mbali imodzi. Unathethekanso mbali inayo. Akuti atenge chitsulo chopingasa, makina anangoti zii. Magetsi azima.

Nditatembenuka, Paskali anali ataima pambuyo panga, matayala awiri atawakoleka m'khosi, mapegi m'manja.

Sanakuwe. Bola akanakuwa. Anayang'ana zitsulo ziwiri zija zitaima ngati nyanga za mbuzi pamalo penipeni pomwe mwendo wake unayenera kumawolokera. Anavula matayala m'khosi n'kuwaika pansi bwinobwino. Mapegi anawasanja pamwamba pake.

"Ndinakuuzani pa Balaka, ababa. Ndinaona ngati mwamva."

"Mwana wanga, ndimati uzipezako ya sopo."

"Ndadziwa."

Anakoka malamba a chikwama n'kutembenuka. Ndinamuitana, osacheuka. Ndinamuthamangira mpaka pamsewu, koma Limbe masana ndi anthu okhaokha, ndipo zikwama zobiriwira zinali paliponse. Ndinaimba foni, inaitana mpaka kuduka. Ndinaimbanso, yazimitsidwa. Wotchi ya pa foni inati hafu pasiti thuu.

Ndinabwerera kumpanda kuja. Mayi wa njinga anali atamva kale, ndipo sanandinyengerere. "Madala, mwalakwa. Felemu imeneyi ndi yopyapyala, ikanapsa pang'ono ikanabooka." Ndinamuuza zonse, za pasipoti, za Venansi, za basi ya folo koloko, ine munthu wosaulula za m'nyumba mwanga. Ndinati andilozere kokwerera mabasi a ku Joni. Anati okwerera ndi ambiri, ena m'Blantyre, ena konkuno, ena amangoima pa malo omwetsera mafuta. "Mukayamba kuzungulira musochera ndinu. Ndipo mukakamupeza mukamuuza chiyani? Mukamukoka ndi lamba?"

Funso limenelo linandikhazika pansi. Ndikanamupeza ndikanamuuza chiyani?

Ndinapempha wowotcherera uja kuti achotse zitsulozo. Anati popanda magetsi makina operera sagwira, mwina abwera madzulo, mwina mawa. Ndinati ndibwerekeni sowo ndi tupa. Anandipatsa kampeni ka sowo kopanda chogwirira, ndi tupa lakutha mano. Ndinavula jekete yonunkha usipa ija, n'kukhala pa dothi m'mphepete mwa mpanda, kanjinga pamiyendo.

Kudula nyanga zija sikunavute. Chovuta chinali zipsera za moto, mabulu awiri achitsulo olimba ngati mwala, atakakamira pa paipi yopyapyala ngati chikhadabo. Ukapala mwamphamvu ubowola felemu, ukapala monyengerera sizisuntha. Ndinkapala, kupukuta ndi chala, kupala. Kampeni kaja kanandicheka chala chachikulu, magazi n'kumasakanikirana ndi fumbi lachitsulo. Sindinkadziwa kuti ndikukonzera ndani. Ndinkangodziwa kuti ndikasiya kupala ndiyamba kuganiza za mawu oti ndikawauze amake, ndipo mawu amenewo kunalibe.

Fili koloko inakwana. Hafu pasiti. Basi iliyonse yaikulu ikalira kumsewu ndinkadzutsa mutu. Mayi wa njinga anandibweretsera madzi m'kapu, ndinangoisiya pambali. Folo koloko ndinaiona ikukwana pa foni. Ndinaiika foniyo chafufumimba pa dothi n'kupitiriza kupala, misozi ikugwera pa felemu. Ndinali ndi mantha omwe sindinawamvepo, ngakhale tsiku lomwe ndinawoloka madzi osefukira aja. Ndinkaona kuti ana anga onse awiri ndawaperekeza ndekha.

Bulu loyamba linatha. Lachiwiri litatsala pang'ono, dzuwa litapendeka, mthunzi wa munthu unagwera pa manja anga. Sindinadzutse mutu. Ndinaona nsapato zokha, zafumbi, chingwe chimodzi chabuluu china chakuda. Ndinazidziwa.

Anakhala chonjuta patsogolo panga. Anatenga kanjingako m'manja mwanga, n'kuyendetsa chala pomwe ndinapala, mbali iyi, mbali inayo. Anayang'ana chala changa chochekeka.

"Ndinafika, ababa," anatero. "Malo analipo. Chikwama chinalowa m'kangolo."

Ndinapukuta magazi a chalacho pa thalauzi.

"Ndiye ndinakumbuka kuti simukudziwa njira yobwerera kudepoti. Ndinati madala aja agona pamsewu ndi jekete yawo ya usipa." Anayesa kuseka koma sizinatheke. "Ndinawauza kuti anditsitsire."

"Za pasipoti tinaziona," ndinatero. "Amako anaona."

"Ndinadziwa pa Zalewa. Munthu sataya madzi maso ali pa mnzake."

Anandilanda tupa n'kumalizitsa yekha pomwe panatsala. Kenako tinathandizana kuveka matayala, iye akugwira, ine ndikumanga mapegi ndi sipanala yanga. Wowotcherera anatibwereka pampu. Pakhonde la sitolo ina yotseka panali simenti yosalala, ndipo Paskali anakankhira kanjinga pamenepo, n'kuponda pegi yakutsogolo, tayala lakumbuyo n'kunyamuka. Anazungulira theka lokha, n'kugwa chagada, phii! Mavenda anafa nacho chiseko. Anadzuka akudzisasa fumbi, nkhope ili ngwee.

"Ndi yomweyi," anatero. "Tiyeni, minibasi zingatithere."

Ndinaimirira. Funso linali limodzi lokha, ndipo ndinaliopa kuposa msewu wonse womwe tinayenda.

"Tikupita tonse?"

"Nanga njingayi muikwera ndinu?"

Pamenepo ndinalira mokweza, bambo wamkulu, pakati pa Limbe, mamina ndi misozi. Mayi wa njinga anatembenukira kumbali. Paskali anandigwira mkono n'kunong'ona kuti, "Ababa, anthu akuona." Ndinati aone.

Sanandilonjeze kanthu, ndipo ine sindinamupemphe lonjezo. Kudepoti, kanjinga titakamangirira kumbuyo, ndinamuuza kuti alowe ndiye poyamba, mpando wakumbuyo kwenikweni, pakona. Ine ndinakhala kunjira. Anandiyang'ana, anadziwa, koma anangosendera.